Mafunso ndi mayankho: ntchito yofufuza za mikangano ya mitundu ndi kupulula anthu

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi kafukufuku wa zandale, ndipo mbali imene ndinasankha ndi ya mikangano ya mitundu ndi kupulula anthu. Tikakumana pa maliro, ku tchalitchi kapena podikira galimoto yotumizira katundu kumudzi, Amalawi anzanga amandifunsa mafunso okhaokhawo. Ena amafunsa chifukwa mwana wawo akufuna kuphunzira zomwezi. Ambiri amafunsa chifukwa cha mantha, poti tonse ndife alendo m'dziko la eni. Mafunsowo ndawalemba pano monga mmene amandifunsira.

Kodi ntchito yanuyo ndi yotani kwenikweni? Ndinu andale?

Ayi. Wandale amasaka mavoti. Ife timafufuza mmene ulamuliro umayendera: akulamula ndani, akumvera ndani, ndipo akumvera chifukwa chiyani. Ife a mbali imeneyi tili ndi funso limodzi lalikulu. Zimatheka bwanji kuti anthu amene dzulo ankapatsana mchere ndi moto, lero azisakana ndi zikwanje?

Masiku ambiri ndimakhala pa desiki. Ndimawerenga maumboni a m'makhoti, malipoti a makomiti ofufuza, nyuzipepala zakale ndi zolankhula za atsogoleri. Masiku ena ndimakhala m'makomboni, kucheza ndi anthu amene anaona ndi maso awo. Palinso ntchito ya manambala. Mabungwe monga ACLED ndi yunivesite ya Uppsala ku Sweden amalemba m'kaundula ziwawa zochitika m'mayiko osiyanasiyana, tsiku ndi malo ake, ndipo ife timayang'ana mmene ziwawazo zimayendera. Zikatha izi pamabwera kulemba ndi kuphunzitsa. Nkhani imodzi yopita ku magazini ya akatswiri imatha kudya zaka ziwiri isanatuluke.

Chinakulowetsani m'zinthu zoopsa chonchi n'chiyani?

Mwezi wa May 2008, pamene kuno kunabuka ziwawa zothamangitsa alendo. Ndinali nditangoyamba sukulu kuno, ndikuchita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu. Amalume anga anali telala kum'mawa kwa mzinda uno. Anafika kwa ine atagona masiku atatu pabwalo la polisi, atanyamula bulangete limodzi ndi sizasi yawo. Makina osokera anatsala. Atamwa tiyi anandiuza kuti, "Mphwanga, amene anagogoda pakhomo panga ndi bambo amene ndinamusokera mwana wake yunifolomu. Sanandiyang'ane kumaso." Kenako anatchula chinthu chimene ndachisunga mpaka lero: masana a tsikulo kunali msonkhano pabwalo la mpira, ndipo anthuwo atabwera usiku ankadziwa bwino nyumba zoyenera kugogoda.

Pa wailesi ankanena kuti anthu osauka apsa mtima. Koma kupsa mtima sikuitanitsa msonkhano, sikusankhanso nyumba. Pali wina amene anachita zimenezo. Ndinafuna kumudziwa ameneyo, ndipo ndikumufufuzabe.

Mawu akuti genocide amatanthauza chiyani? Si kuphana basi?

Mawuwa anawapanga ndi Raphael Lemkin mu 1944. Iyeyu anali loya wachiyuda wa ku Poland, ndipo abale ake ambiri anaphedwa ndi a Nazi. Anaona kuti malamulo ali ndi dzina la mlandu wopha munthu mmodzi, koma alibe dzina la mlandu wofafaniza mtundu wathunthu. Pa 9 December 1948 bungwe la United Nations linavomereza pangano loletsa ndi kulanga mlanduwu. M'Chichewa ine ndimati kupulula mtundu.

Panganoli limatchula magulu anayi otetezedwa: anthu a dziko limodzi, a mtundu umodzi, a khungu limodzi, ndi a chipembedzo chimodzi. Limatchulanso zochita zisanu: kupha, kuvulaza kwambiri thupi kapena maganizo, kuika anthu pa moyo woti afe pang'onopang'ono, kuletsa kubereka, ndi kulanda ana n'kuwapereka ku gulu lina. Koma pagona nkhani ndi pa cholinga. Woimba mlandu ayenera kuonetsa kuti ochitawo ankafuna kuwononga gululo, lonse kapena mbali yake, chifukwa choti ndi gulu limenelo. Kuchuluka kwa mitembo pakokha sikukwanira. Ku Srebrenica, m'dziko la Bosnia, mu July 1995, anapha amuna ndi anyamata achisilamu pafupifupi 8,000, ndipo makhoti anagamula kuti kunali kupulula mtundu. Nkhondo zina zapha anthu ochuluka kuposa pamenepo osapatsidwa dzinali.

Onani kuti magulu andale mulibe m'panganomo. Boma likapha anthu chifukwa cha chipani chawo, lamuloli silifikako. N'chifukwa chake akatswiri monga Barbara Harff anayamba kuwerengera padera kupha kotereku. N'chifukwa chakenso anansi athu a ku Matabeleland, ku Zimbabwe, amakanganabe za dzina loyenera Gukurahundi, pamene asilikali a Fifth Brigade anapha anthu masauzande ambiri kuyambira mu 1983. Ndaonapo mkangano umenewu ukufika pamisozi m'kalasi. Kwa munthu amene bambo ake anaponyedwa m'chitsime cha mgodi, dzinalo si nkhani ya mayeso.

Koma si chidani chakale pakati pa mitundu? Mitundu ina siigwirizana chibadwire.

Funso ili ndi limene ndimalifuna kwambiri, chifukwa yankho lake lili ndi ife tomwe.

Mu 2004 katswiri wina wa ku America, Daniel Posner, anatulutsa kafukufuku wa Achewa ndi Atumbuka. Anapita m'midzi inayi ya m'malire a Malawi ndi Zambia: midzi iwiri ya Achewa, wina tsidya lino wina tsidya lija, ndi midzi iwiri ya Atumbuka chimodzimodzi. Mbali zonse ziwiri kusiyana kwa miyambo n'kofanana. Achewa ali ndi gule wamkulu ndipo mwana ndi wa kuchikazi, Atumbuka amalowola ndipo mwana ndi wa kuchimuna. Anafunsa anthu ngati angakwatirane ndi wa mtundu winawo, ndiponso ngati angamuvotere pa upulezidenti. Ku Malawi ambiri anaonetsa kukana. Ku Zambia anthu a mitundu iwiri yomweyo ankaonana ngati abale.

Chasintha n'chiyani, poti malirewo anangolembedwa ndi atsamunda? Posner anati n'kukula kwa gulu poyerekeza ndi dziko lonse. Ku Malawi, Achewa ndi ambiri ndithu ndipo Atumbuka ndi okwanira kukhala phata la mavoti a chigawo, motero wandale amapindula akawalekanitsa. Ku Zambia mitundu yonse iwiri ndi yochepa, ndiye wandale amapindula akaiphatikiza n'kuitcha anthu a kum'mawa. Miyambo ndi yomweyo, koma masamu a mavoti ndi osiyana. Nditawerenga koyamba ndinakumbukira agogo anga, amene ankatichenjeza za anthu a kumpoto ngati kuti ndi nzeru ya makolo. Chenjezo lija silinali lakale monga iwo ankaganizira.

Ku Rwanda nakonso, Ahutu ndi Atutsi amalankhula chinenero chimodzi, Kinyarwanda, ankapemphera m'matchalitchi amodzi ndipo ankakwatirana. Kusiyana kunalipo kale, koma atsamunda a ku Belgium ndi amene anakulemba pa zitupa m'zaka za m'ma 1930, n'kukhala chinthu chosasinthika. Mu 1994, pamene Atutsi ankapululidwa, zitupa zomwezo n'zimene ankafunsa pa zotchinga za pamsewu. Chigawo cha Butare chimaphunzitsa zambiri. Ndege ya pulezidenti Habyarimana itagwetsedwa pa 6 April, kupha kunayamba msanga ku Kigali, koma ku Butare kunachedwa pafupifupi masabata awiri chifukwa mkulu wa chigawocho, Jean-Baptiste Habyalimana, ankakaniza. Boma linamuchotsa, pulezidenti wogwirizira anapita kukalankhula kumeneko pa 19 April, asilikali ndi a Interahamwe, gulu la zida la Ahutu, anatumizidwa, ndipo kupha kunabuka. Chikanakhala chidani cha m'magazi, sichikanadikira kuti bwana asinthidwe.

Sindikunena kuti mtundu ulibe kanthu. Anthu amaukonda mtundu wawo, ndipo mabala akale amakhala enieni. Koma James Fearon ndi David Laitin anaonetsa kuti mitundu yoyandikana nthawi zambiri imakhala mwamtendere, ndipo kuchuluka kwa mitundu m'dziko si kumene kumabweretsa nkhondo yapachiweniweni. Umphawi ndi boma lofooka ndi zimene zinaoneka kwambiri. Udzu wouma ulipo paliponse. Ife timafufuza wonyamula machesi.

Nanga munthu wamba amafika bwanji popha mnansi wake?

Scott Straus analowa m'ndende za ku Rwanda n'kucheza ndi akaidi oposa 200 amene anavomera kuti anapha nawo. Ambiri anali alimi wamba, apabanja, opanda mbiri ya umbanda. Zifukwa zimene zinkabwera kawirikawiri zinali mantha a nkhondo, poti asilikali a RPF, gulu loukira boma lotsogozedwa ndi Atutsi, anali kuyandikira, ndi kukakamizidwa ndi Ahutu anzawo. Lee Ann Fujii anapeza kuti anthu ankalowa m'magulu opha kudzera mwa achibale ndi abwenzi, ndipo ankapha ali pagulu. Munthu yemweyo amene wapha masana pamaso pa anzake, nthawi zina ankabisa Mtutsi akakhala yekha.

Inenso ndamvapo zofanana kuno. Bambo wina amene anathamangitsa nawo alendo anandilandira pakhomo pake, anandipatsa kreti ya mabotolo kuti ndikhalire, iye n'kukhala pa chitini cha penti. Ankadziwa kuti ndine Mmalawi. Anati anauzidwa kuti nyumba iliyonse itulutse mwamuna mmodzi, ndipo wotsala m'nyumba aonedwa ngati akubisa alendo. Polankhula ankasewera ndi chipewa chake m'manja. Potsazikana anandiperekeza mpaka pokwerera taxi, kuti anyamata a pakona asandivute.

Kumvetsa si kukhululukira. Bambo uja anali ndi mwayi wokana, ndipo ena pa msewu womwewo anakanadi. Koma tikamati opha onse ndi zilombo, timadzinamiza kuti ifeyo sitingachite, ndipo timasiya kuyang'ana amene anaitanitsa msonkhano.

Zimene zimatichitikira alendo kuno, kodi ndi kupulula mtundu?

Mwa lamulo, ayi, ndipo ndimanena zimenezi ngakhale anthu akhumudwe. Palibe umboni wa dongosolo lofuna kufafaniza gulu lonse, ndipo boma silinatume asilikali kuti atiphe. Cholinga cha ziwawazi chimakhala kuthamangitsa ndi kulanda. Tikaligwiritsa ntchito paliponse dzina lalikululi, lidzatha mphamvu tsiku limene tidzalifune.

Komabe ndi nkhanza zenizeni. Ziwawa za 2008 zinayamba ku Alexandra pa 11 May, anthu 62 anafa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za dziko lino. Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo ku komboni ya Ramaphosa. Mu April 2015 zinabuka ku Durban n'kufika kuno, Emmanuel Sithole anabayidwa ku Alexandra anthu akuona, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Mu September 2019 mashopu anapsa ku Jeppestown ndi ku Malvern. Kuyambira 2021 tamva za Operation Dudula, gulu lothamangitsa alendo.

Ofufuza a ku yunivesite ya Wits, makamaka Jean Pierre Misago ndi Loren Landau a ku African Centre for Migration and Society, anayerekeza malo amene kunabuka ziwawa mu 2008 ndi malo oyandikana nawo amene kunali bata. Umphawi unali wofanana, ulova wofanana, alendo analipo konse. Chosiyana chinali utsogoleri wa pamalopo. Kumene timagulu tina tinkalimbirana ulamuliro wa dera, kuthamangitsa alendo inali njira yodzionetsera kuti ndife eni ake. Kumene atsogoleri anakana, alendo anagona m'nyumba zawo. Ngakhale mu Alexandra momwemo, mbali ina kunayaka, mbali ina ayi. Zimene amalume anandiuza pa tiyi uja, kafukufuku anazitsimikiza.

Kodi mungadziwiretu kuti kwakuti kuphulika?

Tsiku ndi ola sitingadziwe. Kumene kuli chiopsezo chachikulu tingadziwe: dziko limene lili pa nkhondo kapena ulamuliro ukugwedezeka, limene linaphapo anthu ambiri kale popanda wolangidwa, limene atsogoleri ake amaphunzitsa kuti gulu lina si eni dziko. Pafupi ndi ngoziyo pamaoneka zizindikiro zina. Anthu amayamba kutchedwa mayina a tizilombo, monga wailesi ya RTLM inkatchulira Atutsi kuti mphemvu. Achinyamata amasonkhanitsidwa n'kupatsidwa yunifolomu. Mayina amalembedwa. Ndipo oyamba kuopsezedwa amakhala anthu a m'gulu lomwelo amene akukana. Ku Kigali, nduna yaikulu Agathe Uwilingiyimana, Mhutu, anaphedwa pa 7 April, tsiku loyamba lenilenilo.

Nanga kwathu ku Malawi zingachitike?

Palibe dziko limene linalandira katemera wa zimenezi. Koma sindikuona Malawi ali pafupi ndi kupulula mtundu. Tilibe magulu a mitundu okhala ndi zida, takwatirana kwambiri, ndipo mu 2020 makhoti ndi asilikali anaonetsa kuti angathe kuima pa lamulo pamene chisankho cha 2019 chinathetsedwa.

Chimene ndimakana ndi mawu aja akuti Amalawi ndife ofatsa chibadwire. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Owamenyawo anali achinyamata a chipani a m'midzi yomweyo. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi a kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo. Chisankho cha 1994 chinagawa dziko patatu: Muluzi kum'mwera, Kamuzu pakati, Chihana kumpoto. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera ozungulira. Ndipo mu 2023 tinaona othawa kwawo akusonkhanitsidwa m'matauni n'kubwezedwa ku Dzaleka, ena katundu wawo atatsala m'mashopu. Nthawi imeneyo ndinamva Amalawi a kuno, amene anagonapo pa polisi chifukwa chothamangitsidwa, akunena za "Maburundi" mawu omwewo amene amanenedwa za ife m'ma taxi. Zinandipweteka kuposa zambiri zimene ndawerenga m'mabuku. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo ifeyo tinachiona kale.

Mwana wanga akufuna ntchito imeneyi. Aphunzire chiyani?

Ayambe ndi digiri ya maphunziro a ndale, mbiri yakale, chikhalidwe cha anthu kapena malamulo. Ku University of Malawi ku Zomba maphunziro a ndale alipo. Kuno digiri yoyamba ndi ya zaka zitatu, kenako chaka cha Honours, kenako Masters, kenako PhD. Wobwera ndi digiri ya kumudzi amayenera kuipititsa ku SAQA, bungwe la kuno loyesa mapepala a maphunziro, kuti aiyese, ndipo ayambe msanga chifukwa mapepala amachedwa. Kuti munthu aziyendetsa kafukufuku wake yekha kapena kuphunzitsa pa yunivesite, PhD imafunika. Kuchokera poyambira mpaka pamenepo, zaka khumi si zachilendo.

Zinthu ziwiri ndimaziumirira. Choyamba, asathawe masamu. Ambiri timabwera ku maphunziro a ndale pothawa manambala, kenako timapeza kuti theka la zolemba za akatswiri sitingazitsutse. Chachiwiri, zinenero. Wofuna kufufuza za Rwanda, Burundi ndi Congo aphunzire Chifalansa ndi Chiswahili. Wofufuza kuno aphunzire Chizulu kapena Chisutu. Munthu sakuuza zakukhosi kudzera mwa womasulira. Ndipo asachipeputse Chichewa chake, Chiyawo kapena Chitumbuka. Katswiri wochokera kunja amalipira ndalama zambiri kuti amve zimene mwana wanu amamva kwaulere mu minibasi.

Khalidwe lofunika koposa ndi kudekha pomvetsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu angakuuzeni nkhani yokonza pa ulendo woyamba ndi wachiwiri, yeniyeni n'kudzatuluka pa ulendo wachisanu.

Fizi ndiye ichokera kuti? Ndipo ntchitoyo imalipira?

Ophunzira a m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko m'mayunivesite a boma, kuwonjezapo ndalama ya alendo ndi inshuwalansi ya chipatala imene chiphaso cha sukulu chimafuna. Bungwe la Canon Collins limathandiza ophunzira a m'chigawo chino, Amalawi omwe, pa maphunziro apamwamba. Ambiri amadzilipirira pothandiza aphunzitsi kuchonga mayeso kapena kugwira ntchito mu kafukufuku wa pulofesa.

Kulemera musayembekezere. Mphunzitsi wolembedwa ntchito yokhazikika pa yunivesite amakhala bwino ndithu, koma mipando yake ndi yochepa ndipo mlendo amafunikanso pemiti. Ambiri timayenda ndi makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri. Ine ndinakhalapo miyezi isanu osalandira kanthu chifukwa pepala langa linagona mu ofesi ina. Kunja kwa yunivesite kuli mabungwe monga Centre for the Study of Violence and Reconciliation kuno, Institute for Security Studies ku Pretoria, Human Rights Watch, nthambi za United Nations ndi African Union, ndi Afrobarometer, imene imafunsa anthu maganizo awo m'mayiko ambiri a mu Africa.

Bwanji Johannesburg? Bwenzi mutapita ku Ulaya.

Mzinda uno uli ndi mbiri yake pa maphunzirowa. Leo Kuper, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa kafukufuku woyerekeza kupulula mitundu m'mayiko osiyanasiyana, anabadwira muno mu 1908. Ku Forest Town kuli Johannesburg Holocaust and Genocide Centre, imene anayambitsa Tali Nates, mwana wa munthu amene anapulumuka kwa a Nazi. Imaonetsa pamodzi mbiri ya Ayuda a ku Ulaya ndi ya Atutsi a ku Rwanda. Ndimalimbikitsa Mmalawi aliyense kupitako ndi ana ake okulirapo.

Ndiponso nkhanizi zimatipeza pompano. Mu June 2015 Omar al-Bashir, pulezidenti wa Sudan wa nthawiyo, amene khoti la dziko lonse la milandu ikuluikulu la ICC linkamufuna pa mlandu wopulula anthu ku Darfur, anabwera ku msonkhano wa African Union ku Sandton. Khoti la kuno linalamula kuti asatuluke, koma ananyamuka. Ife Amalawi tikudziwa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi: mu 2011 tinamulandira ku Lilongwe, ndipo mu 2012 boma la Joyce Banda linakana kumulandira, mpaka msonkhano wa African Union unasamukira ku Addis Ababa. Mu May 2023 Fulgence Kayishema, woganiziridwa kuti anatsogolera kupha Atutsi pafupifupi 2,000 m'tchalitchi cha Nyange, anagwidwa ku Paarl, m'dziko lino, atabisala zaka zoposa 20. Mu December chaka chomwecho South Africa inasumira Israel ku ICJ, khoti la United Nations loweruza mikangano ya mayiko, pogwiritsa ntchito pangano lija la 1948. Ndipo tsidya la malire kuli Namibia, kumene asilikali a Germany anapulula Aherero ndi Anama pakati pa 1904 ndi 1908. Germany inadzavomera mu 2021, patapita zaka zoposa 100, ndipo ambiri mwa zidzukulu za ophedwawo anakana mgwirizanowo ponena kuti sanafunsidwe.

Wina akakuululirani kuti anapha, mumakamunenera ku polisi?

Kafukufuku aliyense amayamba wadutsa ku komiti ya yunivesite yoona kuti tisavulaze anthu amene tikucheza nawo. Ndisanayambe ndimauza munthu kuti ndine ndani, zimene ndidzachite ndi mawu ake, ndi kuti angathe kusiya nthawi iliyonse. Dzina lake sindililemba. Ndimamuchenjezanso kuti asanditchulire mayina kapena mlandu umene sunafike kukhoti, chifukwa lamulo silinditeteza monga limatetezera loya. Ndikamva kuti wina akukonzekera kuvulaza munthu, pamenepo chinsinsi chimatha, ndipo zimenezi ndimanena poyambirira.

Chovuta kwambiri si opha, koma opulumuka. Mayi akakufotokozerani mmene ana ake anafera, inu mumapita kukalemba n'kukwezedwa pa ntchito, iye amatsala ndi usiku wake. Chifukwa cha ichi sindifunsa zimene sindikuzifuna, ndipo ndimabwerera kukawauza anthu zimene ndapeza, m'chinenero chawo.

Mumagona tulo?

Masiku ambiri, inde. Masiku ena ayi. Chaka chimene ndinkawerenga maumboni a khoti la ku Arusha limene linkazenga milandu ya ku Rwanda, kuphatikizapo mlandu wa Jean-Paul Akayesu wa 1998, umene kwa nthawi yoyamba unagamula kuti kugwirira amayi kungakhale njira yopululira mtundu, ndinaleka kudya nyama kwa miyezi ingapo. Ndinaphunzira kusawerenga zotere dzuwa likalowa, kukaonana ndi mlangizi, ndi kusajomba kwaya Loweruka. Wophunzira aliyense amene ndimamuyang'anira ndimamuuza kuti akayamba kulota zimene akuwerenga, abwere tikambirane. Si kufooka.

Kodi kafukufuku wanuyu anapulumutsapo munthu?

Mu 1994 chidziwitso chinalipo. Mkulu wa asilikali a United Nations ku Rwanda, Roméo Dallaire, anatumiza chenjezo mu January, miyezi itatu zisanachitike. Kupha kutayamba, asilikaliwo anachepetsedwa m'malo mowonjezeredwa, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu osachepera 500,000 anaphedwa, ambiri amati 800,000. Choncho sindinganene kuti kudziwa kokha kumapulumutsa.

Koma ntchitoyi ili ndi phindu limene ndaliona. Alison Des Forges, amene anasonkhanitsa umboni wa ku Rwanda mudzi ndi mudzi, anakaima m'makhoti kangapo monga mboni yodziwa, ndipo anthu amene ankati kunali chipwirikiti chabe anasowa pothawira. Lipoti la 1997 la bungwe la Akatolika loona za chilungamo ndi mtendere ku Zimbabwe ndi limene linasunga mbiri ya Gukurahundi pamene boma linkafuna iiwalike. Kuno, Xenowatch ya ku Wits imalemba ziwawa zochitira alendo, kotero kuti mkulu wa boma akanena kuti ndi umbanda wamba, pali kaundula womuyankha. Ndipo podziwa kuti ziwawa zimakonzedwa ndi anthu odziwika pamalo, timadziwa khomo loyenera kugogoda zinthu zisanaipe.

Ine sindinapite patali ndi sukulu. Pali chimene ndingachite?

Chilipo, ndipo inu mumaona zambiri kuposa ine, chifukwa mumakhala komweko. Mukamva kuti kwaitanidwa msonkhano wa eni dera okhaokha, kapena anthu ayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala, lembani tsiku, malo ndi zimene zanenedwa, ndipo dziwitsani atsogoleri a Amalawi a m'dera lanu ndi mabungwe othandiza alendo monga Lawyers for Human Rights. Dziwanani ndi khansala, abusa ndi a komiti ya msewu wanu nthawi ya mtendere, osadikira usiku wa mavuto. Sungani zithunzi za pasipoti, pemiti ndi makadi a ana a kuchipatala mu foni ndiponso kwa m'bale wa dera lina.

Za WhatsApp ndiye ndikupemphani ndithu. Mu 2019 munayenda mavidiyo ambiri oopsa amene anali akale kapena a m'mayiko ena, ndipo anthu anathawa m'nyumba usiku popanda chifukwa, ena n'kuyamba kukonzekera kubwezera. Uthenga ukafika wopanda tsiku, wopanda dzina la msewu, wongoti "akubwera mawa, tumizani kwa onse", imbirani kaye munthu amene amakhala kumeneko musanautumize. Ndipo m'magulu athu a Amalawi, wina akayamba zija za "Alomwe atidyera", "Atumbuka ndi odzikonda", "Achawa ndi otere", muyankheni pomwepo pagulupo, mwaulemu, momutchula dzina. Ambiri amene akuwerenga mwakachetechete amakhala akudikira kuona ngati pali wina amene akane.

Amalume aja anabwerera ku Mangochi mu 2009. Makina ena anagula, ndipo akusokabe pakhonde la sitolo. Nkhani yawo ndinaijambula pa tepi asananyamuke, maola awiri ndi theka, ndipo anandilola kuti ndiziwaikira ophunzira anga kuti aimve chaka chilichonse sabata yoyamba.